Ndithandizeni pa past tense, verb ikakumana ndi mawu ena ndikumasokonezeka

Chikondi: Moni nonse pagulu pano. Ndikulemba MSCE chaka chino ndipo English ndi imene ikundisowetsa tulo, mukudziwa kale kuti ukailephera setifiketi palibe olo maphunziro enawo ukhoze bwanji. Vuto langa si go went gone ayi, zimenezo tinaloweza ku pulayimale. Vuto ndi pamene verb ya past tense yakumana ndi mawu ena. Chifukwa chani timati "I went" koma "I didn't go", went uja wapita kuti? Nanga "she stopped talking" ndi "she stopped to talk" ndi chimodzimodzi? Ndiye palinso "arrived at", "arrived in", kenako "reached" yopanda kanthu pambuyo pake. Chonde amene mukudziwa ndithandizeni

Mwayi: Ine ndakhala kale pansi kudikira mayankho, vuto lako ndi langa lomwe

Madamu Phiri: Chikondi mwana wanga wafunsa bwino, ndipo funso loyambalo ukalimvetsa theka la mavutowa latha. Pa Chingerezi chizindikiro cha nthawi yakale chimaikidwa kamodzi kokha, pa mneni woyamba. Mu "I didn't go" mneni woyamba ndi did, katundu yense wa past wasenza iyeyo ngati wakabaza, ndiye go amangobwera chimanjamanja. "Did you see him?" osati "Did you saw him?". "She didn't come" osati "She didn't came". Chimodzimodzi could, would ndi might, pambuyo pake mneni sasintha: "He could swim", "My uncle would visit us every December". Chimene chimatikola ife ndi chakuti pa Chichewa timati anapita, sanapite, ka -na- kaja sikachoka ngakhale tikukana, ndiye mutu umakakamira kuti went naye akhalebe. Ndimachonga ma kompozishoni tsiku ndi tsiku, "didn't went" ndi "wanted to went" ndimazipeza ngakhale kwa ana anzeru kwambiri, ndipo zimandiwawa chifukwa nkhani amakhala aikonza bwino koma mamalikisi akuthera pa tinthu ngati timeneti.

Chikondi: Ndiye kuti pambuyo pa to sipabwera past tense madamu?

Madamu Phiri: Sipabwera mpang'ono pomwe. "I wanted to go", "we decided to leave", "they refused to pay". Past ili pa wanted, decided, refused basi.

Limbani: Madamu pepani nditsutseko pang'ono. Mwati kamodzi kokha, nanga "he had gone" kapena "the goat was stolen"? Apa mesa onse awiri ali mu past, had ndi gone, was ndi stolen

Madamu Phiri: Limbani, gone ndi stolen si past tense, ndi past participle, dzinalo ndi limene limanamiza anthu. Participle payokha ilibe nthawi. Taona: "he has gone", "he had gone", "he will have gone", gone sakusintha, amene akunena nthawi ndi has, had ndi will. Mbuzi nayo "is stolen", "was stolen", "will be stolen". Chisokonezo chimabwera chifukwa ma verb a -ed amaoneka chimodzimodzi mbali zonse, cooked ndi cooked, ndiye mwana amazolowera kuti ndi chinthu chimodzi, akafika pa go kapena write nkumalemba "he had went", "she had wrote". Mzere wachitatu uja munaloweza, gone, written, taken, ntchito yake ndi yotsatira have kapena be.

Limbani: Apo ndamva, zikomo

A Gama: Ndilowepo pa funso lachiwiri, ine ndinapuma pa uphunzitsi koma zimenezi sizichoka m'mutu. "She stopped talking" ndiye kuti amalankhula ndipo wasiya, wakhala chete. "She stopped to talk" ndiye kuti amayenda kapena amagwira ntchito ina, waima kuti alankhule. Matanthauzo otembenukana kwenikweni. Dalaivala wa minibasi akati "I stopped drinking" mukhoza kukwera mtima uli m'malo, koma akati "I stopped to drink" tsikani. Remember nayo ili choncho. "I remembered to lock the door" ndiye kuti sindinaiwale, ndinakumbukira kenako nkukhoma. "I remembered locking the door" ndiye kuti kukhoma kunachitika kale, ine ndikungokumbuka ndikukhoma paja. Ndiye pali try: "he tried to open the window" anayesetsa koma mwina zenera linakana, pamene "he tried opening the window" zenera analitsekula ndithu, amafuna aone ngati kutentha m'nyumba kuchepe.

Mwayi: Eeeh ya try ndinali ndisanaimvepo

Chikondi: A Gama zikomo kwambiri. Koma pali lamulo lodziwira kuti verb iyi ikufuna to, iyi ikufuna -ing? Kapena nkungoloweza basi

A Gama: Mdzukulu wanga, pali kanjira kothandiza koma si lamulo lokhwima. Kawirikawiri to amayang'ana kutsogolo, ku chinthu chimene sichinachitike pa nthawiyo: wanted to, hoped to, planned to, promised to, agreed to, refused to. Pamene -ing amakonda chinthu chimene chikuchitika kapena chachitika kale: enjoyed dancing, finished eating, kept crying, denied stealing, admitted lying. Koma usadalire zimenezi kotheratu chifukwa avoided, considered ndi suggested amatenga -ing chonsecho chinthucho sichinachitike, "he avoided meeting her", ndipo managed amatenga to chonsecho chinthucho chachitika, "she managed to pass". Nchifukwa chake ine ana anga ndinkawauza kuti mneni asamamulembe yekha mu kope, azimulemba ndi mnzake amene amayenda naye.

Limbani: Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi kaphunzitsidwe kathu. Timathera zaka kuimba begin began begun mokweza kalasi yonse, koma palibe amene amatiuza kuti began imayenda ndi chani. Munthu ukumaliza Fomu 4 ma verb onse uli nawo m'mutu koma kulemba kalata yofunsira ntchito osatha. Ine ndinayamba kuzimva bwino nditayamba kuwerenga nyuzi ndi mabuku a nthano, khutu limazolowera lokha, ukalemba "enjoyed to dance" umangomva kuti pali chinachake chalakwika ngakhale lamulo sukulidziwa

A Gama: Kuwerenga sindikutsutsa achimwene, koma kuimba kuja musakunyoze. Mwana wa kumudzi amene kwawo kulibe buku ngakhale limodzi, nyimbo ya begin began begun ndi imene ali nayo. Cholakwika nkulekera pomwepo.

Madamu Phiri: Nonse mukunena zoona. Ndiwonjezere gulu lina limene limabwera kwambiri pa mafunso osankha aja. Made ndi let safuna to: "The teacher made us sweep", "My mother let me go". Koma ukatembenuza chiganizo kukhala passive, to amatulukira: "We were made to sweep". Saw ndi heard amatenga zonse ziwiri koma tanthauzo limasiyana pang'ono, "I saw him cross the road" ndinamuona kuyambira pamene amayamba mpaka wawoloka, "I saw him crossing the road" ndinamuona ali pakati pa msewu, ngati anafika tsidya sindinanene. Mu kompozishoni ya ngozi kapena ya wakuba kusiyana kumeneku kumakometsa nkhani kwambiri.

Yamikani: Moni a kumudzi, ndikuwerenga ndili pa break kuno ku Leeds, ku England. Ine ndiikepo ya used to chifukwa pokonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi a anthu ofuna kupita kunja, ndinaona anthu ambiri akugwa nayo. "I used to live in Zomba" ndiye kuti ndinkakhala ku Zomba pano ndinachoka, imeneyi ndi -nka- wathu uja, ndinkapita, ndinkadya. Koma "I was used to living in Zomba" ndi nkhani ina, ndiye kuti ndinali nditazolowera. Ndipo "I got used to the cold" ndinafika pozolowera kuzizira. Ukafunsa kapena kukana, lamulo la madamu lija limagwiranso, d amachoka: "Did you use to play netball?", "I didn't use to like tea"

Chikondi: Asisi dikirani kaye, madamu anati pambuyo pa to mneni sasintha, nanga "used to living" yabwera bwanji ndi -ing?

Madamu Phiri: Wagwira pabwino Chikondi, ndimafuna wina afunse zimenezi. Ma to alipo awiri. Wina ndi wa mneni, to go, to eat. Wina ndi mperekezi, preposition, ngati wa mu "to Lilongwe". Ndipo pambuyo pa mperekezi aliyense mneni amatenga -ing, palibe kuchitira mwina: "left without paying", "insisted on coming", "apologised for shouting", "succeeded in escaping". Kuti udziwe kuti to ameneyu ndi uti, yesa kuika dzina pambuyo pake. "I looked forward to Christmas" zikumveka, ndiye to ameneyo ndi mperekezi, choncho "I looked forward to seeing you". "I was used to the noise" zikumveka, choncho "used to living". Koma "I wanted to Christmas" sizikumveka, ndiye ameneyo ndi to wa mneni, "wanted to see". Confessed to stealing, objected to paying, onsewo ayese choncho uona.

Mwayi: Iyi ndiye ndaijambula screenshot, palibe anandiuzapo chiyambire

Bambo a Tadala: Ndalowa mochedwa, kuno ku Joni ntchito timaweruka usiku. Ine sukulu ndinalekera panjira koma mwana wanga ali Fomu 3 ndiye ndimatsatira gulu lino kuti ndizimutumizira. Funso langa ndi la ma preposition amenewa. Tsiku lina ndinalemba meseji kwa abwana kuti "we discussed about the money" ndiye mwana wawo anati about achoke. Koma aliyense amalankhula choncho, ngakhale pa wailesi ndimamva. Cholakwika nchani?

A Gama: Bambo a Tadala, mwanayo ananena zoona. Discussed amagunda pa dzina mwachindunji, "we discussed the money". Ife timaika about chifukwa m'mutu muli "tinakambirana za ndalama", za ameneyo timafuna timupezere malo. Komanso talked about ndi yolondola, ndiye anthu amangoti discuss nayenso chimodzimodzi. Anzake a discussed amene safuna mperekezi ndi awa: reached Mzuzu, entered the room, requested a loan, emphasised the point, married her, attended the funeral. Ndiye pali ena otembenuka, amene pa Chichewa alibe mperekezi koma pa Chingerezi amamufuna. Timati anandidikira, anandimvera, liwu limodzi, koma uko ndi "waited for me", "listened to me". "He explained to me" osati "explained me". "She replied to my letter" koma "she answered my letter".

Bambo a Tadala: Nanga borrow? Kuno aliyense amati "borrow me ten rand", azungu ochepa okha ndi amene ndimawamva akuti lend

A Gama: Pa msewu akumvani, koma pa mayeso mwana alakwa. Wotenga ndiye borrowed from, wopereka ndiye lent to. "I borrowed K5,000 from my brother", "My brother lent me K5,000" kapena "lent K5,000 to me". Muuzeni Tadala kuti "he borrowed me" asalembe.

Madamu Phiri: Ndibwerere ku arrived ya Chikondi tisanaiwale. Arrived in ndi ya mzinda kapena dziko, "arrived in Blantyre", "arrived in Zambia". Arrived at ndi ya malo amodzi odziwika, "arrived at Chileka Airport", "arrived at Wenela", "arrived at school". Arrived to kulibe, ngakhale ife timati anafika ku, anapita ku, ku yemweyo. To ndi wa went, came, returned, travelled. Home ndiye safuna chilichonse: went home, arrived home, reached home. Za nthawi nazo zili ndi dongosolo lake, chaka ndi mwezi in, tsiku on, ola at. "Malawi became independent in 1964", koma ukatchula tsiku "on 6 July 1964". "The capital moved from Zomba to Lilongwe in 1975". Ndiye for ndi since, for ndi kutalika kwa nthawi, since ndi poyambira: "By 1994 Kamuzu Banda had ruled for 30 years", "he had ruled since 1964". Onani kuti since amakonda had kapena has, sayenda bwino ndi past wamba.

Limbani: Ndipo last ndi yesterday safuna mperekezi, ndimaona anthu akulemba "on last Friday"

Madamu Phiri: Eya, "I saw her last Friday" basi.

Yamikani: Za ma adverb palibe wanenapo ndiye ndiyambe ine. Chachikulu chimene anatiphunzitsa nchakuti muonjezi asalowe pakati pa mneni ndi pamtherankhani. "She spoke English fluently" osati "she spoke fluently English". "He drove the minibus carefully" kapena "he carefully drove the minibus", koma osati "drove carefully the minibus". Ife timati anayendetsa bwino galimoto, analankhula mofatsa mawu ake, ndiye dongosolo lomwelo timalitengera uko. Always, never, often, already amakhala patsogolo pa mneni wamba koma pambuyo pa was ndi were: "he always came late" koma "he was always late". Pakakhala aneni awiri amalowa pakati, "the bus had already left", "she had never seen the lake". Koma ndikuuzeni zoona, kuno eni ake chilankhulo amalankhula zina zoti madamu akhoza kuzichonga ndi cholembera chofiira, agogo amene ndimawasamalira amati "I was sat there all morning", ena "we was waiting", ena "I were tired", ndipo ndi Angerezi obadwira konkuno

Limbani: Mwaona, ndiye tikuvutikiranji ife ngati eni ake sakutsata kkkk

Madamu Phiri: Limbani usasokoneze ana. Chimenecho ndi chilankhulo cha dera lawo, monga mmene wa ku Nkhotakota ndi wa ku Mulanje amasiyanirana polankhula koma pa mayeso a Chichewa onse amalemba chimodzi. Agogo amenewo sakulemba mayeso a MANEB, Chikondi ndi amene akulemba. Ndipo Yamikani yemweyo pa IELTS sakanalemba "we was". Aku America nawonso amati "I already ate", "did you eat yet", pamene Chingerezi cha ku Britain chimene timatsata m'sukulu zathu chimakonda "I have already eaten". Za m'mafilimu muzimve koma pa pepala tsatani za m'kalasi.

Yamikani: Zoona madamu, ndimangofuna adziwe kuti akadzamva asadabwe

A Gama: Pa aonjezi pomwepo chenjerani ndi hard ndi hardly, amaoneka ngati pachibale koma ndi adani. "He worked hard" analimbikira. "He hardly worked" sanagwire ntchito kwenikweni. Ndinaonapo kalata yochitira umboni munthu wofuna ntchito italembedwa kuti "he worked hardly", wolembayo amafuna kumuyamikira koma anamuphera mwayi. Late ndi lately chimodzimodzi, "she came late" anachedwa, lately ndi masiku ano. Ndipo mawu otchula nthawi yeniyeni imene inatha, yesterday, last year, two days ago, in 2019, amayenda ndi past wamba. "I saw him yesterday" osati "I have seen him yesterday". Imeneyi ngakhale anthu a madigiri amaiphonya.

Chikondi: Nanga zija zimayamba ndi No sooner? Pa mock zinabwera ndipo tinagawanika kalasi yonse pakati pa than ndi when

A Gama: No sooner amayenda ndi than, hardly ndi scarcely amayenda ndi when. Ndipo ukayamba nawo chiganizo, had amadumpha kubwera patsogolo pa mwininkhani ngati ukufunsa funso. "No sooner had we arrived than it started raining." "Hardly had we arrived when it started raining." Chokumbukira nacho nchakuti sooner ali ngati bigger kapena taller, ndipo amenewo amayenda ndi than. Uonenso kuti chimene chinayamba kuchitika ndi chimene chatenga had, chachiwiricho chili mu past wamba.

Mwayi: Ine anga ndi ma phrasal verb. Broke yokha ndimaidziwa koma ikangoti broke out, broke down, broke into ndasochera

Madamu Phiri: Amenewo musawaone ngati mawu awiri Mwayi, tanthauzo ndi limodzi ndipo nthawi zambiri silichokera ku mawu awiriwo. Broke down ndi galimoto kuwonongeka panjira, kapena munthu kulephera kudzigwira nkuyamba kulira. Broke into ndi kuthyola nyumba, "thieves broke into the shop". Broke out ndi kubuka kwa matenda, moto kapena nkhondo, "cholera broke out in Machinga in 2022". Broke up ndi kutha kwa chibwenzi. Ndimawauza ana kuti atenge nkhani imene akuidziwa bwino ailembe ndi mawu amenewa. Chaka china tinalemba za Cyclone Freddy wa mu March 2023, bolodi linadzadza: "bridges were washed away", "villages were cut off", "classes were called off", "families ran out of food", "neighbours took them in". Ana ambiri anali ndi abale ku Mulanje, Phalombe ndi ku Chilobwe, ndiye mawuwo anali ndi nkhope, mpaka lero called off ndi put off sawasokoneza. Called off ndi kulephereka kotheratu, put off ndi kusuntha tsiku.

Limbani: Ndipo past imakhala pa verb osati pa kamawu kachiwiriko, ndinamva wina akuti "he pick upped the phone"

Madamu Phiri: Lamulo loyamba lija lomwelo. Picked up, gave up, took off. China chofunika ndi malo a him, her, it, them. Ukhoza kunena "she picked up the child" kapena "she picked the child up", zonse zili bwino, koma ndi mlowam'malo ayenera kulowa pakati, "she picked him up", "he turned it down", "they called it off". "Picked up him" ayi. Koma ena sang'ambika, "looked after him", "came across it", "ran into her", chifukwa kamawu kachiwiriko ndi mperekezi weniweni. Dikishonale yabwino ya ophunzira imaonetsa zimenezi, mukapeza verb musangowerenga tanthauzo nkutseka, werengani ziganizo za zitsanzo zili pansizo.

Bambo a Tadala: Passed away ndi passed out ndi chimodzi?

Yamikani: Ayi bambo, chonde pamenepo samalani kwambiri makamaka polemba meseji ya matenda. Passed away ndi kumwalira, passed out ndi kukomoka. Ku ntchito kwathu kuno ukasokoneza awiriwa mu lipoti ndi nkhani yaikulu

Chikondi: Ndayesa kulemba ziganizo zanga ndi zimene mwanenazi, mundichongere. 1. The head teacher accused him of stealing the ball. 2. She congratulated me on passing. 3. We didn't manage to finish planting before the rain started. 4. My aunt suggested me to repeat Form 4. 5. No sooner had the referee blown the whistle than the fans ran into the pitch.

A Gama: 1, 2 ndi 3 zili bwino kwambiri, ndipo 3 yandisangalatsa chifukwa aneni atatu wawalumikiza molondola, manage to finish, finish planting. Ukumbukenso kuti accused amayenda ndi of koma charged amayenda ndi with, "was charged with theft".

Madamu Phiri: Pa 5 No sooner wakhoza, koma bwalo ndi pamtunda poyera ndiye "ran onto the pitch", into ndi ya kulowa m'kati ngati m'nyumba kapena m'madzi. Pa 4 suggested salola munthu ndi to pambuyo pake. Ulembe "My aunt suggested that I repeat Form 4" kapena "suggested that I should repeat", kapena usinthe mneni, "My aunt advised me to repeat Form 4". Advised, told, asked, encouraged, allowed, amenewo ndi amene amatenga munthu kenako to. Lembanso ziwirizo, ndipo uwonjezere zitatu zina ndi denied, prevented ndi insisted, unditumizire pompano ndisanagone. Mwayi nawenso ulembe zako, usangojambula screenshot.